Kafukufuku wa Zaulimi m'Zambia: Kumene Mbewu Zopirira Cilala Zicokera

Ambiri a ife sitinaiwale dzinja la 2023/2024. Mvula inadula mu January cimanga cili pafupi kumasula, ndipo m'madera ambiri panapita masabata oposa asanu osagwa dontho. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Boma linati pa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene anabyalidwa, pafupifupi 1 miliyoni anapserera. Caka cimeneco tinakolola matani 1.5 miliyoni cabe, pamene mu 2023 tinakolola oposa 3.2 miliyoni.

Kucokera pamenepo mau akuti "mbewu yopirira cilala" amveka kulikonse, pa wailesi ndi m'masitolo a mbewu. Koma kodi mbewu zimenezi amapanga ndani? Zipirira bwanji, ndipo zilephera pati? Tasonkhanitsa mfundo zotsatirazi kuti amene alima, ndi amene amatumiza ndalama za mbewu kumudzi, asankhe akudziwa.

Amene amagwira nchitoyi

Bungwe la boma loyang'anira kafukufuku wa mbewu ndi nthaka ndi Zambia Agriculture Research Institute, mwacidule ZARI. Likulu lake lili ku Mount Makulu ku Chilanga, ndipo lili ndi minda yoyesera m'zigawo zosiyanasiyana: Msekera ku Chipata, Mochipapa ku Choma, Misamfu ku Kasama, Mutanda ku Solwezi, komanso ku Mansa. Palinso Golden Valley Agricultural Research Trust ku Chisamba, sukulu ya zaulimi pa University of Zambia, ndi makampani a mbewu amene ali ndi akatswiri awoawo.

Amenewa amagwirizana ndi mabungwe a pa dziko lonse a m'gulu la CGIAR, limene linayamba mu 1971. CIMMYT, imene likulu lake lili ku Mexico kumene cimanga cinacokera, imafufuza za cimanga ndi tirigu, ndipo nthambi yake ya cigawo cino ili ku Harare. IITA ya ku Ibadan m'Nigeria imafufuza za cinangwa, soya ndi nyemba, ndipo ili ndi malo ku Lusaka. ICRISAT imayang'ana nshawa, mapira ndi nyamundolo. Mbewu zake zambiri za nshawa zimapangidwira ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe.

Minda yoyesera inamwazidwa conco cifukwa mvula siigwa mofanana. Akatswiri anagawa dziko lathu patatu. Cigawo coyamba ndi zigwa za Zambezi ndi Luangwa pamodzi ndi mbali za kum'mwera, kumene mvula siifika mamilimita 800 pa caka. Caciwiri ndi pakati, monga Lusaka, Kabwe ndi mtunda wa Kum'mawa, kumene imagwa pakati pa 800 ndi 1,000. Cacitatu ndi kumpoto, kumene imaposa 1,000 koma nthaka ili ndi asidi wambiri. Mbewu imene yacita bwino ku Kasama ingathe kukanika ku Mambwe.

Mmene cimanga copirira cilala cipangidwira

Cimanga cimaopa ludzu kwambiri pa nthawi yomasula. Ngayaye imatulutsa mungu kwa masiku ocepa, ndipo ndevu iliyonse pa cisononkho iyenera kulandira munguwo kuti pakhale njere. Madzi akasowa, ndevu zimacedwa kutuluka, ndipo zikamatuluka zipeza mungu watha. Ndiye cifukwa cake mu 2024 tinaona mapesi ataliatali koma zisononkho zopanda kanthu.

Akatswiri amatengera pomwepo. Amabyala mitundu mazanamazana m'cilimwe pa malo othirira, monga ku Chiredzi m'Zimbabwe, ndipo cimanga cikatsala pang'ono kumasula amaleka dala kuthirira. Kenaka asankha mizere imene ndevu zake zatuluka pamodzi ndi mungu, imene masamba ake acedwa kuuma, ndi imene yabereka ngakhale zinthu zavuta. Yosankhidwayo amaikwatitsa ndi inzake, n'kubwerezanso kuyesa caka ndi caka, ena pa nthaka yoguga yopanda fataleza, ena m'minda ya alimi enieni. Kuti mtundu umodzi ufike m'sitolo pangapite zaka zofika khumi. Nchito yaikulu ya mtundu umenewu inali Drought Tolerant Maize for Africa, imene CIMMYT ndi IITA anayendetsa m'maiko 13, kuphatikizapo Zambia, kufikira 2015.

Mtundu watsopano usanagulitsidwe, bungwe la Seed Control and Certification Institute ku Chilanga limauyesa palokha kwa nyengo zingapo. Ndi lomwelo limene limayendera minda yocurukitsira mbewu ndi kutsimikiza kuti imera bwino.

Ena amafunsa ngati mbewu zimenezi ndi za GMO. Iyai. Zimapangidwa mwa kukwatitsa cimanga ndi cimanga cinzake, monga momwe makolo anali kusankhira zisononkho zabwino za mbewu, kungoti akatswiri amacita molemba ndi moyeza. Dziko lathu linakana cimanga ca GMO ca cithandizo mu 2002 pa nthawi ya a Levy Mwanawasa, ndipo kuyambira 2007 pali lamulo la Biosafety Act loyang'anira nkhani imeneyi.

Zofunika kudziwa pogula mbewu

Nambala ya pa thumba ili ndi tanthauzo. Mitundu ya m'ma 400 imaca msanga, pafupifupi miyezi inai. Ya m'ma 500 ndi 600 ndi ya pakati. Ya m'ma 700 imafuna dzinja lalitali, koma mvula ikakwana ndiyo imabereka koposa. Kuca msanga ndi kupirira cilala ndi zinthu ziwiri zosiyana: yoyamba imathawa mvula yotha msanga, inayo imalimba mvula ikadula pakati. Banja lokhala ndi malima angapo licita bwino kugawa munda, osaika ciyembekezo conse pa mtundu umodzi.

Mbewu ya haibulidi siyenera kubwerezedwa. Njere za m'nkhokwe zikabyalidwa caka cotsatira zimatuluka zosiyanasiyana ndipo zokolola zimatsika. Mitundu imene si haibulidi, yochedwa OPV, ingabwerezedwe zaka ziwiri kapena zitatu ngati munda wake watalikirana ndi cimanga cina. Tisamalenso ndi mbewu yabodza, imene ili cimanga wamba copakidwa utoto. Tigule kwa ogulitsa ovomerezeka, tione cizindikiro ca pa thumba, ndipo tisunge lisiti.

Si cimanga cokha

Ife a Zambia timati sitinadye ngati sitinadye nsima ya cimanga, koma kafukufuku watipatsa zambiri. Mapira a Kuyuma ndi Sima anapangidwa kuno kwathu ndipo amapirira m'zigwa zotentha. Ku Mansa kunacokera mitundu ya cinangwa monga Mweru, Chila ndi Kampolombo, imene imaca msanga ndi kubereka kuposa yamakolo. Ku Msekera kunatulukira nshawa za MGV 4 ndi MGV 5, ndipo nyemba za Lutembwe ndi Bubebe zimaca mvula isanathe.

Palinso mbewu zoonjezera thanzi. Mu 2012 ZARI, mothandizana ndi HarvestPlus ndi CIMMYT, inatulutsa mitundu itatu yoyamba ya cimanga ca olenji cokhala ndi vitamini A, amene amathandiza maso ndi citetezo ca thupi, maka-maka mwa ana ndi amai oyamwitsa. Poyamba ambiri anali kucikana pocisokoneza ndi cimanga cacikasu cimene tinalandira pa njala ya 1992. Koma ici n'cina, ndipo unga wake umakoma. Kandolo wa olenji m'kati ndi kayera wa Mbereshi, wokhala ndi ayironi wambiri, ali m'gulu lomwelo.

Nthaka yosunga madzi

Mbewu yabwino pa nthaka youma gwa siipita patali. Bungwe la Conservation Farming Unit, limene linayamba mu 1996, linafalitsa ulimi umene Kum'mawa timaucha gamphani. Mfundo zake ndi zitatu: kusatembenuza munda wonse, kusiya mapesi pansi m'malo motentha, ndi kusinthanitsa cimanga ndi mbewu za m'gulu la nyemba. Maenje amakumbidwa cilimwe, masentimita 30 m'litali, 15 m'lifupi ndi pafupifupi 20 kuya, motalikirana masentimita 70 mumzere ndi 90 pakati pa mizere. Manyowa kapena fataleza aikidwa m'dzenje momwemo, mvula yoyamba imasonkhana pamenepo, ndipo mlimi abyala msanga osayembekeza ng'ombe za mnzake. Bvuto lake ndi lakuti kukumba ndi kupalira kumalemetsa, ndipo m'madera a mvula yambiri maenje angadzale madzi. Amene ali ndi ng'ombe amagwiritsa nchito ripa m'malo mwa pulawo.

Ku Msekera akatswiri a ICRAF ndi a boma anayesa mitengo yobwezera conde monga jerejere ndi gliricidia, ndipo lero COMACO imalimbikitsa alimi a Kum'mawa kubyala gliricidia m'minda. Msangu naonso ngwodabwitsa: umayoyola masamba dzinja, motero suphimba mbewu, ndipo masambawo amasanduka manyowa pansi pake.

Adani atsopano

Kumapeto kwa 2016 mbozi za fall armyworm, zocokera ku America, zinafika m'minda yathu. Malangizo a akatswiri ndi kuyendera munda kawiri pa sabata cimanga cikali cacing'ono, kuphwanya mazira, ndi kupopera mankhwala ovomerezeka m'mamawa kapena madzulo mbozi zisanalowe mozama mu mtima wa cimanga. Mu 2017 matenda oola mizu ya cinangwa a brown streak anapezeka ku Chienge ndi Kaputa. Amayenda ndi mitengo yobyala, conco tisatenge mbewu ya cinangwa kumene sitikudziwa.

Cilala cimaonjezeranso cuku mu nshawa ndi cimanga. Cukuco cimatulutsa poizoni ya aflatoxin, imene imaononga ciwindi ndipo siitha ngakhale tiphike. IITA ndi ZARI anapanga Aflasafe, yomwaza m'munda mbewu zisanamasule. Komabe kuumitsa bwino, kusayanika pa dothi ndi kutaya njere zoola ndiko citetezo coyamba.

Mbewu za makolo

Akatswiri sapanga mbewu kucokera m'mwamba. Mphamvu yopirira amaipeza m'mitundu imene alimi anasunga kwa mibadwo. Ku Mount Makulu kuli nkhokwe ya mbewu ya dziko, ndipo ku Chalimbana kuli ya maiko onse a SADC. Agogo amene akali kusunga mapira, mawere, nzama ndi maungu a makolo akugwira nchito yomweyo, ndipo mbewuzo zikatayika palibe wozibweza.

Pamene kafukufuku alekezera

Tinene cilungamo: palibe cimanga comera popanda madzi. Copirira cilala cingapulumuke mvula ikadula masabata awiri kapena atatu, koma mu 2024 minda yambiri ya mbewu yabwino inapserera pamodzi ndi inzake. Cinanso, zotuluka ku Msekera sizifika zokha kumudzi. Mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja ambirimbiri, mbewu ya mapira ndi nyemba imasowa m'masitolo, ndipo kwa zaka zambiri gawo lalikulu la ndalama za boma za ulimi lakhala likupita ku FISP ndi ku FRA, zimene zimaika mtima pa cimanga. Mlimi sangalime mapira ngati alibe kogulitsa.

Zina zili m'manja mwathu. Mipingo yambiri ili ndi malo, ndipo lima imodzi ingakwane kubyala mitundu itatu kapena inai moyandikana kuti anthu adzionere okha kusiyana kwake. Magulu a amai, a abambo ndi a acinyamata angaitane mlangizi wa kampu yawo mu September kapena October, mbewu isanagulidwe, ndi kupita ku masiku oonetsa minda mu March ndi April. Timverenso zolosera za nyengo zimene a Zambia Meteorological Department amalengeza dzinja lisanayambe. Ndipo inu a m'tauni, potumiza ndalama kumudzi caka cino, funsani kuti ndi mbewu yanji imene igulidwe, ndiponso ngati pasiyidwa malo a kandolo, nyemba kapena cinangwa.