Khasu Linafika Bwanji m'Tauni

Acinyamata ambiri a m'makomboni akaona mayi akuthirira repu kuseri kwa nyumba amaseka, amati ndi khalidwe la kumudzi limene linakana kutsala pa siteshoni ya basi. Kwa iwo munthu wa m'tauni weniweni amagula ndiwo pa kantemba kapena ku Soweto, sagwira khasu. Koma tikatsata mbiri ya mizinda yathu tipeza kuti kadimba ka cibwabwa ndi kalembula kameneka n'kam'tauni ndithu, ndipo makolo athu anacita kukavutikira. Panali nthawi imene munthu wakuda akabzala nthoci mu Lusaka sanali kudziwa ngati adzakhalapo kuti adye mkoko wake.

Lusaka inayamba mu 1905 monga kasiteshoni ka sitima pa njanji yocokera ku Livingstone. Mu 1931 boma la atsamunda linaitana Stanley Adshead, katswiri wa mapulani a mizinda wa ku London, kuti ajambule likulu latsopano, ndipo mu 1935 likulu linasamukadi kucoka ku Livingstone. Mzindawo anaupatsa dzina lonyadira lakuti Garden City, kutanthauza mzinda wa madimba. Madimba ake anali a kapinga ndi maluwa m'mayadi aakulu a azungu ku Ridgeway. Munthu wakuda anali kulowamo monga wanchito wothirira maluwa a bwana. Iye mwini anali kugona m'tinyumba tozungulira tofolera udzu ngati tija tinatsalako ku Kabwata Cultural Village, timene poyamba anamangira amuna obwera okha, opanda akazi ndi ana.

Maganizo a boma anali akuti kwawo kwa munthu wakuda ndi kumudzi, m'tauni ndi mlendo cabe. Anali kuyenda ndi citupa, ndipo nyumba inali kubwera ndi nchito. Nchito ikatha, nyumba nayo yatha. Munthu wokhala motero sabzala mtengo wa mango, pakuti mango amafuna zaka zingapo asanabale.

Ku migodi zinthu zinasiyanako pang'ono. Makampani anali kupatsa anchito cakudya ca muyeso, unga, nyemba, mcere ndi kanyama, koma anaona kuti mwamuna wokhala ndi mkazi wake sathawa nchito msanga. Ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, mgodi unagawira anchito okwatira malo a maekala asanu kuti amangepo ndi kulimapo. Godfrey Wilson, amene anafufuza umoyo wa anthu a m'tauniyo ca m'ma 1940, analemba za malo amenewa. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya nawonso unagawa minda. Amene anali kugwira khasu anali akazi. Thukuta lawo linali kudyetsa banja limene malipiro a mwamuna sakanakwanitsa kudyetsa, motero kampani inali kupindula kawiri. Nthakayo inali ya kampani, ndipo banja likacotsedwa nchito linali kusiya mbatata zili m'mizere.

Mu Lusaka, anthu osowa nyumba za boma anapeza malo kunja kwa malire a tauni, pa mapulazi ndi pa migodi ya miyala ya azungu amene anali kuwalola kumanga n'kumawalipiritsa lendi. Ndiye cifukwa cake makomboni athu ena ali ndi maina a anthu, monga George ndi Marrapodi. Kumeneko kunalibe mpopi, msewu kapena sukulu, koma kunali kadanga kobzala dzungu pambali pa nyumba. Lamulo la 1948 litakakamiza kuti anchito okwatira nawo azimangiridwa nyumba, Matero ndi Chilenje anakula, ndipo mabanja anayamba kukhala ndi kayadi kakekake.

Ufulu utabwera mu 1964, citupa cinatha ndipo anthu anakhamukira ku tauni. Mu 1963 Lusaka inali ndi anthu pafupifupi 123,000. Pofika 1980 anali atapitirira 500,000. Ambiri anamanga m'malo amene boma linali kuti ndi osaloledwa, ndipo anali kugona ndi mantha akuti tsiku lina nyumba zawo zidzagwetsedwa. Mu 1974 panabwera lamulo lovomereza makomboni otere ndi kupatsa eni nyumba cilolezo cokhalapo zaka 30. Ndi thandizo la World Bank, ku George, Chawama, Chaisa ndi Chipata kunabwera misewu ndi mipopi. Munthu akadziwa kuti sadzathamangitsidwa mawa, apo m'pomwe amakumba dzenje la kotapela. Bishwapriya Sanyal, amene anafufuza za ulimi wa mu Lusaka ca m'ma 1980, anapeza cinthu cimene oseka aja afunika kumva: ambiri mwa olima sanali anthu ofika kumene kucokera kumudzi, koma mabanja amene anali atakhala m'tauni zaka zambiri. Wofika kumene amakhala m'kacipinda ka lendi, alibe pobzala. Dimba linali cizindikiro ca munthu amene wakhazikika.

Kenaka cuma ca dziko cinagwa. Mtengo wa mafuta unakwera mu 1973, ndipo wa kopa, amene dziko lonse linali kudalira, unatsika kwambiri mu 1975. Malipiro anayamba kutha mwezi usanafike pakati. Anthu anali kulawirira kukaima pa mzere wa saladi, sopo ndi shuga. Pulezidenti Kenneth Kaunda anali kulimbikitsa anthu kubwerera ku minda. Masukulu analamulidwa kukhala ndi madimba awo, ndipo kumidzi kunabwera ndondomeko ya Lima, yophunzitsa alimi kusamala kagawo kamodzi mwa magawo anai a hekitala. Anthu a m'makomboni ambiri sanabwerere kumudzi. Anatenga khasu n'kulima pomwe analipo. Kuseri kwa nyumba kunali repu, tomato, anyezi ndi delele caka conse, ndipo mvula ikagwa cimanga, nshawa ndi mbatata zinali kumera m'mbali mwa njanji, pansi pa mawaya a magetsi ndi m'madambo.

Apa boma linali kukamba pawiri. Atsogoleri anali kuti limani, pomwe makhonsolo anali kutuma anthu ndi zikwakwa kukakhapa cimanga cili ndi ngayaye. Zifukwa zake zinali zakuti cimanga cimabisa akawalala ndiponso cimaswetsa udzudzu. Kafukufuku wofalitsidwa mu 1978 m'magazini ya madokotala a mu Zambia anayang'ana timadzi totsalira m'makhwapa a masamba a cimanga ndipo sanapezemo udzudzu wa malungo ukuswana. Udzudzu umenewu umaswana m'zithaphwi za pansi. Ngakhale n'tero kukhapa kunapitirira zaka zambiri, pakuti maganizo akale aja, akuti tauni yabwino ndi ya kapinga ndi maluwa, anali akali m'maofesi ngakhale eni ake anali atapita.

Mayeso aakulu anafika mu Disembala 1986. Boma, potsatira malangizo a IMF, linacotsa thandizo pa unga wa bulekifasi ndipo mtengo wake unakwera kuposa kawiri. Ku Kitwe, Ndola ndi matauni ena a ku migodi anthu anacita cipolowe, ndipo 15 anafa. Kaunda anabweza mtengo wakale, ndipo mu Meyi 1987 analekana ndi IMF kwa kanthawi. Mu Juni 1990 unga unakweranso, cipolowe cinabuka mu Lusaka, anthu oposa 20 anafa, ndipo pa 30 Juni msilikali Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma, ngakhale zinatha m'maola ocepa. Caka cotsatira UNIP inagonja pa masankho. Mu 1992 kunagwa cilala ndipo anthu anadya nsima ya cimanga cacikasu cocokera kunja. Makampani a boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa, ndipo anthu zikwizikwi anacotsedwa nchito. Ku migodi, amuna amene anazolowera cisoti ndi jombo anayamba kulima m'malo ozungulira matauni.

Tisanamizane, kadimba ka kuseri kwa nyumba sikanadzazepo thumba la unga. Yadi ya m'komboni ndi yaing'ono kwambiri kuti itulutse cimanga codyetsa banja caka conse, n'cifukwa cake anthu okhala ndi madimba nawonso anakwiya mu 1986 ndi 1990. Cimene dimba linacita ndi kupereka ndiwo. Mayi akathyola cibwabwa, bondwe kapena kalembula pakhomo, ndalama imene ikanapita ku msika inali kugula pamela wa unga ndi makala. Akagulitsako timitolo tiwiri pa geti, mwana anali kupeza pensulo. Akuluakulu amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Malipiro anali kucedwa, mitengo inali kusintha usiku umodzi, koma kalembula unali kuphukanso pakapita masiku ocepa authyola.

Lero cimene cikutha madimba si cikwakwa ca khonsolo. Ndi njerwa. Yadi imene inali ndi mango, mapapaya ndi mizere ya repu tsopano ili ndi zipinda zisanu ndi cimodzi za lendi, ndipo sitingamuweruze mwini wake, pakuti cipinda cimabweretsa ndalama kuposa repu. Madzi nawo ndi ogula pa cigubu. Zitsime zosazama za ku Kanyama ndi makomboni ena zili pafupi ndi zimbudzi, pa nthaka ya miyala ya laimu imene madzi onyansa amadutsamo mosavuta, ndipo tonse tikumbuka kolera ya 2017 mpaka 2018 ndi ya 2023 mpaka 2024. Ku Kabwe kuja kunali minda ya maekala asanu, mgodi unatsekedwa mu 1994 n'kusiya mtovu m'nthaka ya ku Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndipo fumbi lake limawononga ubongo wa ana. Wolima kumeneko afunika dothi locokera kutali, kubzala m'masaka kapena m'mabeseni, ndi kutsuka masamba bwino ndi madzi aukhondo.

Koma njala imene inayambitsa madimba amenewa sinathe. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse, ndipo mitengo ya cakudya inawawa m'nyumba iliyonse ya m'komboni. Saka lakale la unga lodzaza dothi ndi manyowa a nkhuku, lobooledwa m'mbali, limakwana pakhonde la cipinda ca lendi. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo amakwana kulithirira. Mbeu ya kalembula sagula, amapempha tsinde kwa aneba. Landilodi akakweza lendi, sakalo mumalikweza pa wilibala pamodzi ndi matilesi, cinthu cimene mkazi wa ku Broken Hill sakanatha kucita ndi mizere yake ya mbatata.

Ngati pa yadi pamene mukhala pakali mtengo wa mango kapena wa kotapela, funsani wacikulire wa pafupi kuti anaubzala ndani ndipo cinali caka citi. Kawirikawiri yankho lake lidzakuuzani caka cimene banja limenelo linaleka kuopa kuthamangitsidwa m'tauni. Lembani dzinalo ndi cakaco mtengowo usanadulidwe kuti pamangidwe cipinda cina.