Kodi sipulingi ya mfuti inayamba bwanji?

FUNSO: Agogo athu anasiya gogodela yomwe kanyundo kake sikamenyanso, akuti sipulingi inatha. Kodi kachitsulo kameneka kanalowa liti mu mfuti, nanga kamatha bwanji? Wowerenga, Tamanda, Chipata.

YANKHO: Mfuti zoyambirira za ku Ulaya, za m'ma 1400, ankaziyatsa ndi chingwe chofuka moto. Mvula ikagwa, nkhondo inkavuta. Cha m'ma 1500 amisiri anapanga kagudumu kopotedwa ndi sipulingi kothetheretsa moto. Mfutizi zinali zodula, koma zinabala pisitolo, popeza munthu ankatha kuinyamula yokonzeka kale m'malaya. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, Marin le Bourgeoys wa ku Lisieux, France, anakonza mtundu womenyetsa mwala pachitsulo kuti wonga uyake.

Mfuti zothira wonga kukamwa, monga gogodela, zinafika kuno kum'mawa kwa Zambia ndi Achikunda a ku Zambezi komanso amalonda a minyanga ndi akapolo ochokera kugombe. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, koma zachikale zamwala linazilola. Azungu ankadziwa chimene ankachita: mu January 1898 asilikali awo anagonjetsa Angoni a Mpezeni ndi mfuti za Maxim.

Mukatsegula pambali pa gogodela mupeza kachitsulo kaphanthi kopindidwa ngati V: imeneyo ndiyo sipulingi. Mukakokera kanyundo kumbuyo mumakapanikiza, ndipo chala chikakoka, mphamvu yonse imatuluka kamodzi. Kusula kachitsulo kotere ndi ntchito yosiyana ndi kusula khasu. Kakauma kwambiri pamoto kamathyoka, kakafewa kamapindika osabwerera. Robert Hooke analemba lamulo lake mu 1678, loti sipulingi imabweza mphamvu molingana ndi mmene yapanikizidwira, koma osula anali atazidziwa kale ndi manja.

Pisitolo zamakono, monga ya John Browning ya 1911, zimadalira kwambiri masipulingi opota: ina imabweza chapamwamba mfuti ikalira, ina imakankha zipolopolo, ina imamenyetsa. Chimene chimatha masipulingiwa si kukhala m'kabati ayi, koma kupanikizika ndi kumasuka kambirimbiri, komwe kumabala timing'alu tosaoneka ndi maso. N'chifukwa chake opanga mfuti amawerenga moyo wa sipulingi ndi zipolopolo zomwe zawombedwa, osati zaka. Mdani wina ndi dzimbiri, ndipo kwa mfuti yomwe yagona kudenga la udzu madzinja ambiri, ndikukayikira dzimbirilo.

Koma bambo kapena mayi, musaitengere kwa wowotcherera zitsulo pamsika. Moto wake umapha sipulingi, ndiponso mpope wodyeka ukhoza kuphulikira m'manja. Gogodela zina zimapezeka zili ndi wonga m'mimba patatha zaka makumi. Lamulo la mfuti la Zambia, Chaputala 110, limafuna chilolezo posunga mfuti, choncho yambani mwakafunsa kupolisi ku Chipata.