Kulondola Mapazi a Makolo Amene Anapita ku Nkhondo ya Chiwaya

Ku Mangalande, banja lofuna kudziŵa za kholo lake limene linamenya nkhondo ya ku Waterloo m'chaka cha 1815 silisoŵa poyambira, pakuti asilikali a Britain amene anali kumeneko analandira mendulo zolembedwa maina ao. Koma kwa munthu wa ku Mwanza, kaya wa kwa Kanduku kapena kwa Nthache, njira yofufuzira kholo lotere ndi yaminga.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafika m'dziko muno mu September 1914, pamene Angerezi ndi Ajeremani anawomberana ku Karonga. Makolo anaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Amuna pafupifupi 19,000 analoŵa usilikali wa King's African Rifles, pamene ena pafupifupi 200,000 anatengedwa kukagwira mtengatenga, kusenza ufa ndi zipolopolo mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique.

Magulu aŵiriŵa sanakumbukidwe mofanana. Msilikali anali ndi nambala, ndipo maina a asilikali amene anafa analembedwa pa chipilala cha ku Zomba. Koma wamtengatenga akagwa panjira ndi njala, kamwazi kapena chimfine cha 1918, kaŵirikaŵiri ankaikidwa pamanda opanda chizindikiro. M'chaka cha 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera poyera kuti Aafrika ambiri ofera pankhondoyo sanapatsidwe ulemu wolingana ndi wa Azungu.

Motero wofufuza ayambe pakhonde la agogo asanapite ku National Archives ku Zomba. Afunse maina onse a kholo lija, laubwana ndi lakuntchito lomwe, pakuti ambiri ankalembetsa dzina lina ndipo mlembi ankalemba monga wamvera. Afunsenso mfunda wake ndi nyakwawa imene inkalamulira mudzi masiku amenewo, popeza malire a maboma asintha. Ngakhale Neno inapatuka ku Mwanza m'chaka cha 2003. Ngati m'chikuta muli mendulo, ayang'ane m'mphepete mwake, pamene pamakhala nambala ya mwini wake.

Amene anasenza akatundu aja onse anatsikira kuli chete, ndipo adzukulu amene anamva nkhani zao pamoto madzulo nawonso akucheperachepera. Kwa wamtengatenga, kaundula wotsala ndi pakamwa pa nkhalamba zimenezi. Dzina limene silifunsidwa chilimwe chino likhoza kuloŵa nazo m'manda.