Kusankha ndi kugula mwala wonolera lumo

Lumo ndi kampeni kometera ndevu ndi tsitsi. Lumo lopinda lili ndi cigwiriro, ndipo citsulo cake sicitayidwa. Cikabuntha, cimanoledwa pa mwala. M'Cipwitikizi lumo lotere amati navalha, ndipo mwala wake amati pedra de afiar kapena pedra de amolar. Mawu amenewa ndi amene mungaone pa bokosi m'sitolo.

Musanagule mwala, yang'anani kaye lumo lanu. Ometa ambiri masiku ano ali ndi lumo loikamo lezala. Limenelo silifuna mwala ayi. Lezala likabuntha mumalitaya n'kuikamo lina, basi. Mwala ndi wa lumo la citsulo cimodzi.

Mwala umanola bwanji?

Mwala wonolera uli ndi timcenga tolimba kuposa citsulo. Mukakhuza lumo pa mwala, timcengato timadya citsulo pang'onopang'ono mpaka mbali yodulira itapyapyala. Timcenga tikakhala tatikulu, mwala umakhala wokhakhala. Umadya msanga, koma umasiya mikwingwirima pa citsulo. Timcenga tikakhala tating'ono, mwala umakhala wosalala. Umadya mocedwa, koma citsulo cimatsala cosalala bwino.

Apa ndiye pali nkhani. Mwala umene mumanolera cikwanje, nkhwangwa kapena mpeni wa kukhichini ndi wokhakhala. Mbali yodulira ya lumo ndi yopyapyala kwambiri, kuposa pepala. Mukaiika pa mwala wotere imabenthuka, ndipo pometa lumo limakoka ndevu n'kuceka khungu. Lumo labwinobwino likhoza kuonongeka tsiku limodzi.

Werengani nambala

Miyala yopangidwa ku fakitale imakhala ndi nambala pa bokosi kapena m'mbali mwake. M'Cipwitikizi nambalayi amati grão. Lamulo lake ndi limodzi: nambala yaying'ono, mwala wokhakhala, nambala yayikulu, mwala wosalala.

Pansi pa 400: wa zikwanje, nkhwangwa ndi makasu. Miyala yambiri yotuwa ya mbali ziwiri ya pamsika ili m'gulu limeneli. Lumo musaikepo.

1000: woyambira. Umakonza lumo lobuntha kwambiri kapena limene silinanoledwepo bwino.

3000 kapena 4000: wapakati. Umafafaniza mikwingwirima imene mwala wa 1000 wasiya.

8000: womalizira. Lumo likacoka apa likhoza kumeta.

10000 kapena 12000: wowonjezera kusalala. Ndi wabwino, koma si wokakamiza.

Ndiye mugule uti? Ngati lumo lanu limameta koma layamba kukoka, mwala umodzi wa mbali ziwiri, 3000 kuno 8000 uko, kapena 4000 ndi 8000, ukukwanirani. Ngati lumo ndi lobunthiratu, pafunikanso wa 1000.

Cenjerani: si nambala iliyonse imanena zoona. Miyala ina yochipa amalemba 8000 koma ndi yokhakhala. Ipapaseni ndi cala. Wa 8000 weniweni umamveka wosalala, pafupifupi ngati mbale ya dothi yopakidwa.

Mitundu ya miyala

Pali miyala yokumbidwa pansi ndi miyala ya ku fakitale. Mwa yokumbidwa, yochuka kwa ometa ndi coticule, mwala wacikasu wa ku mapiri a Ardennes ku Belgium. Ina imacokera ku Arkansas ku America, ina kufupi ndi mzinda wa Kyoto ku Japan. Miyala imeneyi ilibe nambala yeniyeni, cifukwa uliwonse uli ndi khalidwe lake. Ndi yodula, ndipo imafuna munthu woizolowera.

Kwa woyamba kumene, wa ku fakitale ndiye wosavuta. Mayina odziwika ndi King, Naniwa ndi Shapton a ku Japan, ndi Norton ya ku America.

Funsaninso ngati mwala ndi wa madzi kapena wa mafuta. Madzi ndi mafuta amacotsa tizitsulo timene tadyedwa kuti tisatseke mwala. Miyala yambiri ya malumo ndi ya madzi. Ina imafuna kuviikidwa mphindi 5 kapena 10, ina mumangowaza madzi pamwamba. Mwala wa madzi musauthire mafuta, cifukwa amalowa m'kati ndipo sacokanso.

Zoyang'ana pogula

Coyamba, mwala ukhale wathyathyathya. Ikani rula pamwamba pake n'kuyang'ana kowala. Ngati kuwala kukudutsa pakati, mwalawo ndi wokumbika. Pa mwala wokumbika lumo limakhudza pena, pena ayi.

Caciwiri, onani kukula. Citsulo ca lumo cimatalika masentimita pafupifupi 7. Mwala wa masentimita 20 m'litali ndi 7 m'lifupi ndi wabwino, cifukwa lumo lonse limagonapo. Wocepa m'lifupi umagwiranso nchito, koma umafuna luso.

Cacitatu, fufuzani ming'alu ndi malo obenthuka. Kamwala kamodzi kotumphuka kakhoza kubenthula lumo.

Cacinayi, musacite manyazi kufunsa. Uzani wogulitsa kuti, "Ndikufuna wa navalha, osati wa cikwanje." Ngati sakudziwa nambala yake, ndalama zanu zibwerere m'thumba. Miyala yosalala sipezeka m'sitolo iliyonse ya zitsulo. Nthawi zina muyenera kutuma munthu wopita ku tauni yayikulu. Mulembereni nambala pa pepala kuti asasoceretsedwe. Ngati mtengo wakwera, sonkhanani anthu awiri kapena atatu. Mwala wosamalidwa umatha zaka zambiri.

Kanoledwe kake

Nyowetsani mwala. Gonekani lumo kuti msana wake ndi mbali yodulira zonse zikhudze mwala. Msanawo musaukweze monga mumacitira ndi mpeni. Kankhani lumo, mbali yodulira ili patsogolo, ngati mukumeta mwalawo. Mukafika kumapeto, litembenuzireni pa msana n'kubwerera. Mbali zonse ziwiri zidutse mofanana. Musadinikize, kulemera kwa lumo lokha n'kokwanira. Yambirani pa nambala yaying'ono, malizirani pa yayikulu. Musathamange. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukamaliza, pukutani lumo n'kulidutsitsa pa lamba wacikopa wokokedwa bwino. Apa msana ndiye umatsogola, apo ayi muceka lambayo. Kenako yesani pa ubweya wa pa mkono. Lumo lakuthwa limaudula osakoka.

Lamba ndi wa tsiku lililonse lometa. Mwala ndi wa apo ndi apo, lumo likayamba kukoka ngakhale mwalidutsitsa pa lamba. Kunola kawirikawiri kumangomaliza citsulo.

Kusamala mwala

Mukatha nchito, tsukani mwala ndi madzi oyera n'kuuumitsa pa mthunzi. Padzuwa kapena pafupi ndi moto ukhoza kung'aluka. Usungeni pamalo pamene sungagwe, ndipo ana asanolerepo mipeni.

Pakapita nthawi mwala umakumbika pakati. Jambulani mizere ndi pensulo pamwamba pake. Ikani pepala la mcenga losaopa madzi, lija amati lixa, pa galasi lathyathyathya. Thirani madzi n'kukhuza mwalawo mpaka mizere yonse itafafanizika. Ikatha, mwala wawongoka.

Ukhondo

Mwala umanola, koma supha tizilombo. Lumo likaceka munthu, pamatsala magazi ngakhale osaoneka. Magaziwo akhoza kupatsira munthu wina matenda a ciwindi a hepatitis B kapena HIV. Conco lumo lopinda likhale la munthu mmodzi. Musabwerekane, ngakhale ndi m'bale wanu. Ngati mumameta anthu ambiri, gwiritsani nchito lumo loikamo lezala, ndipo munthu aliyense mumutsegulire lezala latsopano iye akuona.

Mafunso

1. Pakati pa mwala wa 1000 ndi wa 8000, wosalala ndi uti?
2. Mungadziwe bwanji kuti mwala ndi wokumbika?
3. N'cifukwa ciani lumo silibwerekedwa?