Kabotolo ka tsabola pa depoti ya Mzuzu

Ndikatsika basi pa depoti ya Mzuzu, mphuno imayamba yokha kusaka fungo la kambuzi. Mayi anga anagulitsa usipa wokazinga ndi chinangwa chophika pamenepa kwa zaka zambiri. Pambali pa beseni pankakhala kabotolo ka tsabola wosinja, wothira mchere, mandimu ndi timafuta pang'ono. Tsabolayo sankagulitsa, inali mbasela chabe. Koma tsiku loti aiwala kabotoloko kunyumba ku Chiputula, makasitomala ankangoti "Amama, sabola walije?" n'kudutsa.

Tsabola timamuyesa wathu, koma ndi mlendo. Kwawo ndi ku America, ndipo Apwitikizi ndi amene anamufikitsa kumagombe a Africa m'zaka za m'ma 1500. Mzuzu nawo si wakale. Unakula kuchokera pa esiteti ya mitengo ya tung kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, n'kudzakhala mzinda mu 1985. Mabuku amanena za esitetiyo, za misewu ndi maofesi. Sanena kuti anyamata obwera kudzafuna ganyu kuchokera ku Mzimba, Rumphi ndi Nkhata Bay ankadya chiyani masana, ndiponso ankawaphikira ndani.

Nthawi ya Kamuzu, malonda malo ake anali mumsika basi. Zinthu zinasintha mu 1994 Bakili Muluzi atalowa m'boma. Misewu inadzaza mavenda, ndipo azimayi ambiri amene amuna awo ntchito zinawathera anatuluka ndi mabeseni pamutu: mandasi, zitumbuwa, mbatata, nthochi, nsomba za kunyanja. Anyamata anatenga ziwaya za tchipisi ndi kanyenya. Azimayi anakhala pansi, pachitenje, poti benchi inkafuna mpamba.

Kenako mu April 2006, boma la Bingu wa Mutharika linalamula kuti mavenda onse achoke m'misewu ya m'mizinda. Anaitcha Operation Dongosolo. Chifukwa chake chinali chomveka ndithu: uve, kuthithikana, umbava. Sindikutsutsa. Koma kusamuka kwa mwini chiwaya ndi kwa mayi wa beseni n'kosiyana. Wa beseni amadalira mapazi a anthu odutsa. Mukamulowetsa mkati mwa msika wa Zigwagwa, munthu wothamangira basi ya ku Karonga sangamulondole kumeneko.

Mayi anga anabwerera kumsewu mozemba. Tsiku lina anafika kunyumba opanda beseni, kabotolo kokha kali m'manja. Sananene amene anawalanda. Anangoti, "Mawa tikabwereke beseni kwa anyina Tiwonge." Fizi yanga ya teremu imeneyo inachedwa.

Ndinadabwa nditadzawerenga za San Antonio, ku Texas. Kumeneko azimayi ankagulitsa nyama yophika ndi tsabola m'mabwalo a mzinda kuyambira m'zaka za m'ma 1800, mpaka malamulo a zaukhondo atawathamangitsa cha m'ma 1930 ndi 1940. Lero mzindawo umawanyadira powatchula kuti Chili Queens. Anawakumbukira atachoka kale.

Ife athu akadalipo. Pitani pa depoti kukamada, mwezi wa June chisanu chikuluma, mukawapeza atafunda zitenje, diso lina pa kasitomala, lina kumsewu. Mukagula usipa, afunseni kuti anayamba chaka chanji, anathamangitsidwapo kangati, ndipo kambuzi wawo amamupeza kuti. Zimene akuyankheni muzilembe penapake. Ine ndinachedwa kuwafunsa mayi anga.