Akazi a mu Hotel Street pa Nthawi ya Nkhondo

Pakati pa nyanja yaikuru ya Pacific pali zisumbu zochedwa Hawaii, ndipo pa cimodzi ca izo, dzina lace Oahu, pali mzinda wa Honolulu. Pafupi ndi mzindawo pali dooko la Pearl Harbor, pamene ndege za Ajapani zinaponya mabomba pa zombo za nkhondo za America m'mamawa pa 7 December 1941, ndi kupha anthu oposa 2,400. Mbiri ya tsikulo inalembedwa m'mabuku ambiri, ndipo maina a akazembe, a zombo ndi a anyamata amene anamira adziwika bwino. Koma mumzinda momwemo munali akazi okwana ngati 250 amene boma linawalemba m'kaundula ndi kuwakhometsa msonkho, koma mbiri yao inakhala zaka zambiri popanda munthu woikamba. Amenewa ndiwo akazi adama a mu Hotel Street.

Hotel Street ndi mseu wa m'cigawo ca mzinda cochedwa Chinatown. Pa nthawi ya nkhondo, mumseuwo ndi m'timiseu ta pafupi munali nyumba zadama zokwana ngati 15. Malamulo a Hawaii anali kuletsa malonda otere, ndipo mu 1941 boma la America linaikanso lamulo lochedwa May Act, lopatsa akuru mphamvu ya kuthetsa dama pafupi ndi misasa ya asilikari. Ngakhale zinali tero, akuru a apolisi ndi akuru a nkhondo ku Honolulu anagwirizana kuti nyumbazo zisatsekedwe. Iwo anati pamene pasonkhana anyamata zikwizikwi kutali ndi kwao, kuli bwino kuti dama likhale pa malo amodzi odziwika, pamene madotolo angathe kupima akazi ndi kucepetsa nthenda monga cindoko ndi cinzonono.

Ambiri a akaziwo anali Azungu ocokera ku America kwenikweni, makamaka kudzera ku San Francisco. Mkazi akatsika m'combo, apolisi anali kumlandira, kumdinda zala, ndi kumlemba ngati wosangalatsa anthu, popeza dzina leni leni la nchito yace silikanalembeka m'buku la boma. Atatero anali kumuuza malamulo amene anayenera kusunga pansi pa mkuru wa apolisi, William Gabrielson. Sanaloledwe kusamba ku gombe la Waikiki, kulowa m'nyumba zodyera za anthu olemekezeka, kapena kupita ku madansi. Sanaloledwe kugula nyumba kapena galimoto, kuyenda ndi mwamuna pamseu, kapena kukwatiwa ndi msilikari. Sanaloledwenso kutumiza ndarama kwao popanda cilolezo ca mai mwini nyumba, ndipo ikakwana 10.30 usiku anayenera kukhala ali m'kati. Wolakwira malamulowa anali kuyembekeza kumenyedwa kapena kukwezedwa combo cobwerera kwao.

Motero mkazi amene mzinda unamuitana, ndi kudya ndarama zace, anali woletsedwa kuonetsa nkhope yace pamaso pa mzindawo.

Nchito yao inali yowawa koposa. Mtengo unali madola 3 pa mphindi 3. Pa madola atatuwo mwini nyumba anali kutengapo limodzi, ndipo pa awiri otsalawo mkazi anali kulipira cipinda, cakudya ndi dotolo wompima sabata ndi sabata. Mkazi mmodzi anayenera kulandira amuna okwana ngati 100 pa tsiku, masiku osacepera 20 pa mwezi. Cifukwa ca lamulo la nkhondo loti anthu asayende usiku ndi kuti nyali zisayake, nyumbazo zinali kutsegulidwa m'mawa, ndipo dzuwa lili nga! asilikari ndi amalinyero anali ataima pa mizere yaitali yofika pamseu. M'nyumba zina munali tizipinda tondondozana, kuti pamene mkazi ali ndi mwamuna mmodzi, wina akhale akukonzeka ndi wina akubvala. Ambiri anapata ndarama zoposa za akazi a nchito zina kutali, koma matupi ao anatha, ndipo ena anagwa m'cizolowezi ca mankhwala oziziritsa ululu ochedwa morphine. Tsankho la mtundu linalimonso, pakuti amuna akuda ndi amuna a pa zisumbupo anali kubwezedwa pakhomo m'nyumba zambiri.

Tsiku la mabomba lija linasintha zinthu. Obvulala ndi opsya ndi moto anacuruka kotero kuti zipatala zinadzaza. Akazi ena a mu Hotel Street anathamangira kukathandiza anamwino, ndipo ena anapereka zipinda ndi makama ao kuti mugone odwala. Pa masiku amenewo panalibe wofunsa ngati dzanja lomanga cironda linali la mkazi wolemekezeka kapena iai. Popeza zipinda zao zinali zitatengedwa, akazi ambiri anakapeza nyumba m'zigawo zina za mzinda, ndipo kwa nthawi yoyamba analawa moyo wa munthu wamba, woyenda kumene afuna ndi kugona pakhomo pace.

Tsiku lomwelo Hawaii analowa mu ulamuliro wa asilikari, ndipo mphamvu yoyang'anira nyumba zadama inagawika pakati pa apolisi a mzinda ndi apolisi a nkhondo. Mkuru wa apolisi a nkhondo, Frank Steer, sanasamale kumene akaziwo anali kugona kapena kusamba. Cimene iye anafuna ndico kuti asilikari asadwale ndi kuti asadandaule. Pamene akazi anafuna kukweza mtengo kufika pa madola 5, popeza zinthu zonse zinali zitakwera, Steer anakana, nalamula kuti ukhalebe pa 3. Cotero ngakhale amene anaoneka ngati bwenzi lao anali kuwasunga cifukwa ca phindu la asilikari.

Pakati pa akaziwo panali wina wolimba mtima, dzina lace Jean O'Hara, wobadwira ku Chicago, amene anafika ku Honolulu mu 1938. Iyeyu anakana malamulo a apolisi kuyambira kale. Mu 1940 wapolisi anammenya kufikira kumthyola nthiti, koma iye m'malo mothawa anasumira apolisiwo mlandu. Anagulanso nyumba m'zigawo za anthu olemera, eni malo nadandaula kwambiri. Kulimba kwace kunaonetsa anzace kuti malamulo aja sanali m'buku liri lonse la boma, koma anaima pa mantha okha.

Mu 1942 Gabrielson anafuna kubweza zinthu pa kale. Analamula kuti akazi onse acoke m'nyumba zimene anapeza, abwerere kukagona mu Hotel Street, ndi kusunganso malamulo akale. Akaziwo anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo pa 28 August 1942 ananyanyala nchito onse pamodzi. Anaima kunja kwa nyumba ya apolisi atanyamula zikwangwani, akazi omwe aja amene analetsedwa kuoneka pamseu. Sanapemphe ndarama, koma ufulu wakukhala ndi kuyenda kumene afuna monga nzika zina za America. Anakumbutsanso akuru kuti iwo anali kupereka msonkho ndi kukongoza boma ndarama za nkhondo monga anthu ena onse.

Kunyanyalako kunatha masabata atatu. Akuru a nkhondo, pansi pa Kazembe Delos Emmons amene anali wolamulira zisumbuzo, anabvutika nako, pakuti sakanatha kukakamiza akazi poyera kuti abwerere ku nchito imene lamulo linali kuletsa. Pomaliza anagwirizanitsa mbali zonse ziwiri, ndipo akaziwo analoledwa kukhala kunja kwa nyumba zadama ndi kuoneka pa anthu, malinga asacite caipa cosokoneza mtendere. Kumeneku kunali kupambana, ngakhale kwakung'ono. Koma manyuzipepala a mu Honolulu sanalembe za nkhaniyi, ndipo anthu ambiri a mumzindamo sanamve kuti cinthu cotere cacitika.

Ufulu umenewu sunakhalitse. Pofika mu 1944 nkhondo inali itasunthira kutali kumadzulo, ndipo mantha akuti Ajapani angalande Hawaii anali atatha. Akuru a mzinda anayamba kulimbana kuti ulamuliro ucoke m'manja mwa asilikari, ndipo mabungwe a nzika anadandaula kuti akazi adama akukhala pakati pa mabanja. Caka comweco Jean O'Hara analemba mbiri ya moyo wace, momwe anaulula nkhanza za apolisi ndi za eni nyumba, ndipo mau ace anafalikira mumzinda. Iye anafuna kuti nkhanzazo zithe, koma adani a akaziwo anatenga mau omwewo ngati cida. Mu September 1944 Bwanamkubwa Ingram Stainback analamula kuti nyumba zonse zadama zitsekedwe, ndipo akuru a nkhondo sanatsutse. Mwezi wotsatira, pa 24 October, ulamuliro wa asilikari unatha.

Akaziwo anabalalika. Ambiri anakwera zombo kubwerera ku America, ndipo ena anatsala nacita malonda ao mobisa, popanda dotolo kapena citetezo. Boma limene linatenga zidindo za zala zao silinawathokoze cifukwa ca masiku a mabomba aja, ndipo iwo eni, pofuna kuyamba moyo wina, sanafune kuti maina ao akumbukike. Asilikari amene anaima pa mizere ija anabwerera kwao ngati ngwazi, ndipo a m'banja mwao sanawafunse za Hotel Street.

Panapita zaka pafupifupi 50 kuti nkhaniyi ilembedwe mwadongosolo. Mu 1992 akatswiri awiri a mbiri yakale, Beth Bailey ndi David Farber, anaturutsa buku lochedwa The First Strange Place, m'mene anasonkhanitsa makalata a apolisi, a akuru a nkhondo ndi mau a anthu amene anaona zinthuzi ndi maso. M'makalatamo akaziwo aoneka kawirikawiri ngati ciwerengero cabe: angati analembedwa, angati anapimidwa, angati anadwala. Koma pa masabata atatu a mu 1942 iwo analankhula okha, ndipo zimene anapempha zinali zocepa: nyumba yogonamo, gombe losambapo, ndi mseu woyendamo masana popanda kumenyedwa.