Mafunso ndi Mayankho: Bwanji Kafue palibe pa mapu akale a ku Italy?

FUNSO: Akonzi, m'buku la mbiri la mwana wanga muli chithunzi cha mapu akale a Africa ojambulidwa ku Italy, opakidwa utoto pamanja. Pakati pa Africa pali nyanja ziwiri zikuluzikulu zomwe sindinazimvepo, pomwe mtsinje wathu wa Kafue palibe. Kulakwitsa kotere kunachokera kuti? Ndine kholo, ku Kafue.

YANKHO: Zikomo akuluakulu. Nyanja mwazionazo zinabadwira m'mabuku. Cha m'ma 150, katswiri wa ku Alexandria dzina lake Ptolemy analemba kuti mtsinje wa Nile umachokera m'nyanja ziwiri zolandira madzi kuchokera ku Mapiri a Mwezi. Zolemba zake zitafika ku Italy cha m'ma 1400, akatswiri anazilemekeza kwambiri moti kuzitsutsa kunali kovuta. Giacomo Gastaldi wa ku Venice, yemwe mu 1564 anatulutsa mapu aakulu a Africa a mapepala 8, anajambula nyanjazo kumwera kwenikweni n'kuzitcha Zembere ndi Zaflan. Zaka zoposa zana zinatha ena akungokopera zomwezo.

Ojambulawa sanapondepo kuno. Ankakhala ku Venice ndi ku Rome, akudalira zomwe Apwitikizi ndi amalonda Achiarabu ankanena. Apwitikiziwo ankadziwa gombe la nyanja yamchere ndi Zambezi, yemwe ankamutcha Cuama, mpaka cha ku Sena ndi ku Tete. Za kumtunda ankangomva. João de Barros analemba mu 1552 kuti pakati pa Africa pali nyanja imodzi yotulutsa mitsinje ya Nile, Zaire (Congo) ndi Cuama pamodzi. Nkhani zoterezi zinkakula ngati nkhani ya pachitsime, aliyense akuwonjezerapo pake. Filippo Pigafetta, mu 1591, anasuntha nyanja ziwirizo n'kuika ina kumpoto kwa inzake, potengera zomwe anamuuza Duarte Lopes amene anakhalako ku Kongo.

Panalinso vuto la kuyeza. Kudziwa kuti uli kumpoto kapena kumwera motani kunali kotheka poyang'ana dzuwa, koma mtunda wa kum'mawa ndi kumadzulo umafuna wotchi yosaphonya nthawi, ndipo wotchi yotere ya John Harrison inayesedwa panyanja mu 1761. Ndalama nazo zinalowererapo. Mapu ankazokotedwa pachitsulo chamkuwa, ntchito ya miyezi yambiri, choncho osindikiza ankagwiritsa ntchito chitsulo chomwecho kwa zaka zambiri, kapena kuchigulitsa kwa anzawo ndi zolakwa zake zomwe. Utoto unkapakidwa pambuyo, pepala lililonse palokha, ndipo wopaka ankangotsata mizere yomwe waipeza. Utotowo ndi umene umandidetsa nkhawa: ukazungulira dera lolembedwa Monomotapa, wowona amakhulupirira kuti malirewo anayezedwa, pomwe ankangoganizira.

FUNSO: Nanga Kafue analowa liti pa mapu a Azungu?

YANKHO: Mochedwa kwambiri. Tawuni yathuyi ndi ya m'nthawi ya njanji. Mlatho wa sitima, wotalika mamita 427, unatha mu 1906. Koma mtsinje, womwe umachokera kumalire ndi Congo n'kukathira mu Zambezi pafupi ndi Chirundu, unali ndi eni ake kalekale. Aila ndi Atonga ankadyetsa ng'ombe m'madambo ake, ankadziwa powolokera ndi nyengo yomwe madzi amasefukira. Chidziwitso chimenechi chinali cholondola kuposa cha Gastaldi, kungoti panalibe njira yochifikitsira ku Venice. Ana athu aziuzidwa zimenezi m'kalasi, chifukwa mwana akaona kwawo palibe pa mapu amayamba kuganiza kuti kunalibe anthu.

Kusintha kunayamba ndi d'Anville wa ku France, amene mu 1749 anafafaniza zonse zopanda umboni n'kusiya malo aakulu opanda kanthu, ngakhale anasungako nyanja yotchedwa Maravi, dzina la makolo a Achewa. Mu 1798 Francisco de Lacerda ananyamuka ku Tete ndi zida zoyezera kupita kwa Mwata Kazembe, komwe anakamwalira. David Livingstone anawoloka Kafue mu December 1855, patapita milungu ingapo ataona mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo njira ankasonyezedwa ndi Akololo omwe anamuperekeza komanso anthu a m'midzi yomwe ankadutsa. Mapu a m'buku lake la 1857 ndiwo anadziwitsa anthu ambiri ku Ulaya za mtsinjewu.

Livingstone nayenso Ptolemy anamusokeretsa. Livingstone ankakhulupirira kuti Nile amayambira kumwera kuno ndipo ankayembekeza kuti mtsinje wa Lualaba ndiwo chiyambi chake. Anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, pafupi ndi madambo a Bangweulu, akufunafunabe akasupe a Nile, ndipo mu 1877 Henry Morton Stanley anatsika ndi Lualaba mpaka kunyanja yamchere n'kupeza kuti ndi mtsinje wa Congo.